Maekala 1,714,764 a munthu mmodzi, ife tinasowa pokhazika jeke

Tayala linaphwa cha m'ma 3 koloko masana pa kamsewu kafumbi kochokera ku manda a Dawson, tawuni yakale ya migodi ku New Mexico, ndipo alamu anga asanatsike n'komwe anali atayamba kale, "ndinanena ine alamu, ndinanena ine." Zoona ananenadi. Tikunyamuka ku Aurora, pafupi ndi Denver ku Colorado, m'mawa anazungulira galimoto n'kundifunsa kuti awa akumbuyowa ndi matayala kapena masilipasi, ine n'kuyankha kuti ndinagula $45 limodzi kwa mkulu wina wogulitsa zakale ndipo anandilumbirira kuti ayenda chaka china chathunthu. Chaka chakecho chinathera pamenepo, pakati pa tchire la New Mexico, kulibe nyumba, kulibe netiweki, kumapiri uko mitambo yakuda ikusonkhana ngati yapangana.

Ulendowu unali wa alamuwo, osati wanga. Iwo ndi aja amakonda mafilimu a makaubowe kuyambira ali ana ku Luchenza, kulipira kandalama pa vidiyo sho n'kukhala pa benchi tsiku lonse, ndiye atamva kuti tawuni ya Cimarron ndi ulendo wa maola anayi ndi pang'ono chabe kuchokera ku Denver anayamba kundivutitsa kuti tikaone hotela ija ili ndi mabowo a zipolopolo kudenga. Ine ndinali ndi masiku awiri opuma mu Ogasiti, ndinangoti tiyeni bola petulo tigawane. Za msewu wa I-25 palibe choti ndikuuzeni, mumangoyenda, Colorado Springs, Pueblo, Trinidad, kukwera Raton Pass makutu n'kutsekeka, basi mwalowa New Mexico. Thirani petulo ku Raton, kupitirira apo mukalira nokha.

Titatsika tinapeza kuti sipeya nayo ndi yophwa. Apa ndiye mlandu unali wanga ndithu, sindinaiyang'anepo chigulireni galimoto. Ndinati chabwino tiyambe tachotsa tayala tione bowo lili pati, koma jeke inkangomira, dothi la m'mbali mwa msewu linali lofewa ndi mvula ya dzulo lake. Timafuna mwala wafulati kapena kathabwa. Mwala wabwino unalipo, ndinkauona ndi maso angawa, unali mamita ngati atatu kuseri kwa waya waminga, ndipo pa wayapo panali chikwangwani choletsa kulowa. Kumanja waya, kumanzere waya, kutsogolo mpaka kumene maso athera udzu okhaokha wopanda munthu ngakhale mmodzi. Alamu akuti dumphani mukatenge, ine ndikuti dumphani ndinu, inu ndi amene mumadziwa za makaubowe. Palibe anadumpha. Munthu wakuda kudumpha fensi ya eni ku America kuno chifukwa cha mwala, ayi ndithu, ana anga akadali aang'ono.

Tinakhala mphindi mwina 40. Kenako kunatulukira pikapu yakale yofiira kuchokera kumanda komweko, kumbuyo kuli galu ndi fosholo, ndipo inaima tisanaikweze dzanja. Munatsika mdala wina wamfupi, chipewa chachikulu, ndevu zoyera, zaka ndingoti 70 ndi kanthu. Sanafunse kuti ndinu ndani kapena mukufuna chani kuno. Anangogwada n'kuyendetsa dzanja pa tayala pang'onopang'ono ngati akusisita mwana wodwala, kenako anatenga pulayala n'kuzula kanthu n'kundiika m'dzanja. Kamsomali kopindika ngati U, kadzimbiri, kaja amakhomera waya waminga ku mtengo wa fensi. Ndinayang'ana alamu anga. Sikuti tayala langa linali lotha ayi, ndi fensi imene inatibaya. Iwo anangoyang'ana kumapiri.

Akuluwo anali ndi zonse m'pikapumo, kathabwa kokhazikapo jeke, tizingwe taphula totsekera bowo, ndi kapampu kolumikiza ku batire. Ankatitchula kuti mijo, ndiye kuti mwana wanga m'Chisipanishi, Chingerezi chawo chosakaniza ngati mmene ife timasakanizira. Kapampu kakulira ndinafunsa, mongofuna kucheza, kuti malo onsewa ndi a ndani. Anaseka mpaka kutsokomola. Anatambasula dzanja kuloza kumpoto, kenako kumadzulo kumapiri, kenako kumbuyo kwathu, n'kunena kuti chilichonse taona chichokereni ku Trinidad chinali cha munthu mmodzi, Maxwell, ndipo lero ndi cha anthu amene mungawawerenge ndi zala.

Ine dzina la Maxwell ndinali nditaliona pa chikwangwani cha pa I-25, pali katawuni kotchedwa choncho, koma ndimayesa ndi dzina chabe. Nkhani yake ndinadzailumikiza bwino usiku umenewo ndi m'mawa mwake ku chigayo chakale, ndiye ndiifotokoze pano kuti zimene mdala uja ankanena zimveke.

Mu Januwale 1841, dera limeneli likadali la Mexico, anthu awiri anapempha malo kwa bwanamkubwa Manuel Armijo. Wina anali Carlos Beaubien, wamalonda wochokera ku Canada amene anakhazikika ku Taos, winayo Guadalupe Miranda, mlembi wa bwanamkubwa yemweyo. Mwamva eti, mlembi wake. Patangopita masiku atatu malo anaperekedwa, ndipo patsogolo pake bwanamkubwayo analandirako gawo lake. Amene amaganiza kuti katangale wa mapuloti anayambira kwathu aziyendako. Malire ake sanapime ndi tepi, anangolemba kuti kuyambira mtsinje wakuti kukafika phiri lakuti, kutsata pamwamba pa mapiri mpaka kubwerera. Wansembe wa ku Taos, Padre Antonio José Martínez, anatsutsa kuti malowo ali ndi eni ake amene amadyetsako ziweto ndi kusakako nyama, koma mawu ake anangochedwetsa zinthu pang'ono. Ndipo eni akewo analipodi, a Jicarilla Apache ndi a Ute, mitundu ya anthu imene inalipo azungu asanafike, amene palibe anawafunsa.

Lucien Maxwell analowa kudzera ku chikamwini. Anali mlenje wochokera ku Illinois, mnzake wa mlenje wotchuka Kit Carson, ndipo anakwatira Luz, mwana wa Beaubien. Mwana wamwamuna wa Beaubien, Narciso, amene akanayang'anira malowo, anaphedwa pa kuukira kwa ku Taos mu 1847, ndiye mkamwini anapezeka ali kutsogolo. Anamanga ku Rayado, kenako ku Cimarron. Mu 1858 anagula gawo la Miranda pa $2,745, apongozi atamwalira mu 1864 anagulanso magawo a alamu ake mmodzimmodzi mpaka zonse zinakhala zake ndi mkazi wake. Nditawerenga apa ndinauza alamu anga kuti muzindilemekeza, mkamwini ndi munthu woopsa.

Tsono pamene pali nkhani ndi apa. Lamulo la Mexico silinkalola munthu mmodzi kupatsidwa malo opitirira maekala pafupifupi 48,000, ndiye anthu awiri akanayenera kukhala ndi pafupifupi 97,000 basi. America italanda derali, pangano la Guadalupe Hidalgo la 1848 linati malo operekedwa ndi Mexico alemekezedwa, ndipo nyumba ya malamulo inavomereza chikalata cha Beaubien ndi Miranda mu 1860 osatchula kukula kwake. Mu 1869 nduna yoona za malo inati ndi 97,000 yomweyo. Koma pofika 1879 boma linatulutsa chikalata cha maekala 1,714,764, mbali ina kulowa mpaka mu Colorado, ndipo mu 1887 khoti lalikulu la dziko lonse linati zili bwino choncho. Dothi silinakule, mapiri sanasunthe, chinakula ndi pepala. Kuti mumvetse, amenewo ndi masikweya kilomita pafupifupi 6,900, boma lathu la Thyolo kulowamo kanayi, boma la Lilongwe lonse kulowamo n'kutsala malo. Ndipo chaka chomwecho cha 1887 ndi chimene a Jicarilla anapatsidwa kadera kawo kutali ku Dulce, kuseri kwa mapiri.

Tibwerere pa msewu paja. Tayala litadzadza mvula inayamba, madontho akuluakulu ozizira, ndipo mdala uja anati sindingakusiyeni muyende ndi tayala limeneli ndisanaone kuti lagwira, nditsatireni. Tinamutsatira mpaka pa tala wa US 64, kenako mpaka ku kanyumba kena kunja kwa tawuni komwe amakhala ndi mlongo wake, gogo wina wonenepa wosalankhula zambiri. Ndinatulutsa $40 kuti ndithokoze, akuluwo anandiyang'ana ngati ndawatukwana, n'kuloza mpando. Tinakhala.

Chakudya chake ndi chimene ndikulemberabe nkhaniyi. Amachitcha posole, chimanga chokonola chowiritsa mpaka kuphulika, chophikidwa ndi nkhumba, msuzi wofiira ndi tsabola, pambali nyemba ndi tizikondamoyo topyapyala totentha tochokera pa chiwaya pomwepo. Supuni yoyamba ndinakumbuka kwathu, fungo la chimanga chokonola ndi limodzi dziko lonse lapansi. Gogoyo anafunsa ngati tikufuna tsabola wobiriwira woonjezera, alamu anga ndi matama awo a kambuzi anati thirani wambiri ife kwathu timadya woposa uyu. Mphindi ziwiri thukuta linali kutsika m'khosi, mphuno ikuchucha, koma sanavomere, anangoti kwatentha m'nyumba muno. Gogo anawasunthira kapu ya mkaka osanena kanthu. Ku New Mexico kulikonse mukadye akufunsani kuti wofiira kapena wobiriwira, ngati simukudziwa nenani kuti Christmas akupatsani zonse ziwiri, koma musayambe ndi matama.

Tikudya ndi pamene mdala anafotokoza chimene amakachita kumanda ndi fosholo. Agogo ake aamuna ali pamenepo. Makolo awo, anatero, ankalima kachigwa kena m'mbali mwa mtsinje kuyambira nthawi ya Maxwell, ndipo Maxwell sankavuta, umangomupatsa gawo la zokolola kapena nkhosa zingapo, nkhani yatha. Atagulitsa, kunabwera anthu a mapepala kuti lipirani lendi kapena chokani, ndinu olowerera. Anthu amene anabadwira pamalopo kutchedwa olowerera ndi kampani ya anthu amene sanapondepo. Anachoka. Ndiye mwana wa mlimi uja anakalowa mu mgodi wa malasha ku Dawson, pa malo omwewo a Maxwell, ndipo sanatulukemo.

Manda amenewo tinali titangochokako, ndipo ndikuuzeni, ngakhale tayala likuphwereni, pitaniko. Kuchokera pa US 64 ndi mamailosi ngati 5 a fumbi, msewu umathera pa geti, manda ali pambali, kulowa ndi ulere. Tawuni yonse ya Dawson inatsekedwa mu 1950 n'kugwetsedwa, chatsala ndi mitanda yachitsulo yoyera, mizere mizere kukwera kaphiri. Mu Okutobala 1913 mgodi unaphulika n'kupha anthu 263, mu Febuluwale 1923 unaphulikanso n'kupha opitirira 120, ena mwa iwo ana a amene anafa ulendo woyamba. Mayina ake ndi a Chitaliyana, Chigiriki, Chisipanishi, anthu ochokera kutali kudzafera pansi pa nthaka ya eni. Ndinaima pamenepo ndikuganiza za achimwene a agogo anga amene anapita ku Joni ndi Wenela, kunyumba kunangofika bulangete ndi kasutikesi.

Ndipo nkhani ya lendi ija sinali yachilendo m'makutu mwanga. Ine ndakulira pakati pa minda ya tiyi, mudzi wathu uli pa kamtunda kamiyala pamene dothi labwino lonse lili kuseri kwa mzere wa mitengo ya bulugamu, chifukwa cha zikalata zimene Harry Johnston anapereka kwa azungu m'ma 1890. Agogo ankanena za thangata, kugwira ntchito ulere kuti ukhale pa malo amene makolo ako anakwiriridwa. Ndinamuuza mdala uja zimenezi, Chingerezi changa ndi chake kukumana pakati, anangogwedeza mutu n'kundithirira posole wina. Sindikuti nkhani ziwirizi ndi imodzi ayi, kumeneku kunali mfuti zambiri ndipo amene analanda ndi amene analandidwa anasakanikirana kwambiri, makolo a mdalayo nawonso analima pa malo amene a Jicarilla ankati ndi awo, iye mwini ananena zimenezo ndisanafunse. Koma kununkha kwake n'kumodzi.

Tinagona ku kamotelo kena, $98 usiku umodzi, madzi otentha anatha alamu ali ndi sopo kumutu, intaneti yake yongolemba pa chikwangwani. Sinditchula dzina. Chilimwe bukitsiranitu malo ogona chifukwa tawuniyi ndi yaing'ono, anthu osafika 1,000, ndipo makolo a ma Scout amene amabwera ku kampu ya Philmont pafupi pomwepo amadzadza paliponse. Chakudya chamadzulo musachedwe, ikamakwana 8 koloko malo ambiri atseka, mugona ndi mabisiketi a pa filing'i siteshoni.

M'mawa tinayamba ndi chigayo cha miyala chimene Maxwell anamanga mu 1864, amachitcha Aztec Mill, pano ndi nyumba yosungiramo zakale ndipo imatsegulidwa nyengo yotentha. Ndi chinyumba chachitali cha miyala, masitepe amatabwa olira, m'kati muli zishalo za akavalo, mfuti, zithunzi, mapu a malo aja. Chigayochi chinkagaya ufa umene boma linkagawira a Ute ndi a Jicarilla. Taganizani, munthu wakhala pa malo anu, nyama zimene mumasaka zatha, ndiye boma likumulipira yemweyo kuti akugayireni ufa wa chithandizo. Bizinesi yake inali yokoma mbali zonse. Amati nyumba yake inali yosatseka, aliyense wodutsa pa njira ya Santa Fe Trail ankadya pa tebulo lake osalipira, ndipo ine ndikukhulupirira, munthu wa maekala ochuluka chotero mbale ya nyemba ingamupweteke pati.

Chimene chinasokoneza ufumu wake ndi golide. Mu 1866 anamupeza pa phiri la Baldy, anthu masauzande anakhamukira kumeneko, tawuni ya Elizabethtown inamera ngati bowa, ndipo Maxwell sakanathanso kuwerenga amene ali pa malo ake. Mu 1870 anagulitsa. Malo anapita kwa anthu a ndalama a ku England, kenako a ku Netherlands, anthu ogula mapiri pa mapu ali ku Amsterdam. Iye anasamukira ku Fort Sumner, anayesa za banki ku Santa Fe sizinamuyendere, n'kumwalira mu 1875. Alamu anga apa ndi pamene anadzuka, chifukwa m'nyumba ya mwana wake, Pete Maxwell, ndi mmene wapolisi Pat Garrett anawombera chigawenga chotchuka Billy the Kid mu 1881. Zonse za maekala zija ankangoyasamula, koma izi anandifotokozera kawiri ngati analipo.

Ku St. James Hotel tinapita masana. Inamangidwa ndi Henri Lambert, Mfalansa wodziwa kuphika, kuyambira 1872, ndipo mabowo a zipolopolo alipodi kudenga la malata okongoletsa, alamu anawerenga n'kujambula lililonse. Ine chimene chinandikhudza ndi choti zipolopolo zimenezo anthu amazitenga ngati zoseweretsa za makaubowe oledzera, pomwe nthawi imeneyo kunali nkhondo yeniyeni ya malo. Mu Seputembala 1875 m'busa wa Methodist, Franklin Tolby, amene ankalankhula poyera motsutsa gulu la maloya ndi andale lotchedwa Santa Fe Ring, anapezeka ataphedwa mu chigwa cha Cimarron. Zitatero kunali kubwezerana, kupachikana, kuwomberana, zimene amazitcha Colfax County War. M'busa wina, O. P. McMains, anatha zaka zambiri akumenyera anthu okhala pamalowo, mpaka ku Washington, osaphula kanthu. Mu 1888 ku Stonewall, mbali ya Colorado, kunawomberedwanso ndipo mlimi Richard Russell anafa. Pomaliza kampani inapambana, osati ndi mfuti kwenikweni koma ndi loya, Frank Springer, amene anakaimira mlandu ku khoti lalikulu lija. Famu ya ng'ombe ya banja lake, CS Ranch, inayamba mu 1873 ndipo ilipobe.

Ndiye lero ndi za ndani? Tinatsika ndi msewu wa NM 21 kulowera ku Rayado kuti tione. Mbali iyi ndi Philmont. Waite Phillips, mkulu wa mafuta wa ku Tulsa, anagula maekala pafupifupi 300,000 m'ma 1920, kenako mu 1938 ndi 1941 anapereka opitirira 127,000 kwa a Boy Scouts of America, n'kuwaonjezera nyumba yosanja ya ku Tulsa kuti lendi yake izisamalira malowo. Pano ndi pafupifupi 140,000. Mumaona ana ovala mayunifomu ndi zikwama zazikulu kuposa iwo, ena amatsika sitima ku Raton, akukwera mapiri masiku khumi ndi kanthu, pamwamba pawo thanthwe lija amati Tooth of Time litatuluka ngati dzino la gogo. Apa sindinadandaule kwambiri, bola ana akupondapo, ngakhale ndinadzifunsa kuti mwa ana amenewa angati ndi a ku Dulce.

Kumpoto ndi Vermejo, maekala opitirira 550,000, amene Ted Turner wa CNN anagula mu 1996 kwa kampani ya mafuta ya Pennzoil. Famu imodzi yokha kuposa boma la Thyolo. Kuli njati za ku America, tinaziona patali kuseri kwa waya ngati miyala yakuda yoyenda, ndipo kunena zoona malowo akusamalidwa, mitsinje ndi nkhalango zili bwino kuposa mmene zikanakhalira atagawa mapuloti. Mungathe kukagonako ngati muli ndi ndalama yopitirira $1,000 usiku umodzi. Ine ndi ntchito yanga yosamalira okalamba, ndisambitse agogo angati kuti ndikaone njati pafupi? Ndi zimene zimandisokoneza mutu, malo asungika bwino chifukwa anthu anachotsedwapo, ndiye usangalale kapena ukwiye. Kwa ife osauka kuli Valle Vidal, maekala 100,000 amene Pennzoil inapereka ku boma mu 1982, kumeneko aliyense amalowa, koma msewu wake ndi wafumbi wautali ndipo ndi tayala lomata lija sindinayerekeze.

Tinangokwera pang'ono mu Cimarron Canyon kukaona makoma amiyala aja amati Palisades, okongola zedi, mtsinje wozizira pansi pake, mapiri ena akuonekabe zipsera za moto wa Ute Park wa 2018. Mukaima nthawi yaitali pamenepo pali kandalama kolipira galimoto, khalani ndi kachenji. Tengani juzi ngakhale ndi Ogasiti, ndi kumtunda, dzuwa likangobisala kumazizira. Madzi akumwa ambiri. Mapu a pa foni tsitsiranitu muli ku Raton. Ndipo yang'anani sipeya musananyamuke, musakhale ngati ine.

Pobwerera tinadutsanso pa kanyumba kaja. Ndalama anakana, ndiye alamu anaganiza zowasiyira botolo la kambuzi limene amayenda nalo m'chikwama kulikonse, lochokera kumudzi, anali atangodyako pang'ono. Mdala kunalibe, pikapu kunalibe, tinapeza gogo akuanika zovala. Anatsegula botolo, kununkhiza, kuviika kachala n'kulawa, ife tikudikira kuti atsokomole. Anangogwedeza mutu n'kunena kuti ndi wabwino, ungakome pa mazira. Alamu sanalankhule mpaka ku Raton.

Matayala ndinasintha onse awiri titafika, $210, ndalama yopweteka. Kamsomali kaja kali m'kabokosi ka kutsogolo m'galimoto pamodzi ndi mapepala a inshuwalansi, mwana wanga wamng'ono anakapeza sabata yatha n'kufunsa kuti adadi ichi n'chani, ndinamuuza kuti usachigwire chili ndi dzimbiri.